Ambuye Akakutumani kwa Achinyamata a ku Mangochi, Yambani Motere

Misonkhano ya Pasaka ikangotha, foni yanga sipuma. Wina wa ku Lilongwe, wina wa ku Thyolo, nthawi zina wa konkuno ku Monkey Bay, koma mawu ake amodzimodzi: "Akulu, mtima wanga ukutentha, ndikuona kuti Ambuye akundituma ku Mangochi kukatumikira achinyamata. Ndiyambire pati?" Ndimakondwa ndikamva zotere, pakuti ana a zaka 13 mpaka 19 kuno ndi nkhaninkhani, pamene akuluakulu ofuna kukhala nawo pansi ndi owerengeka. Koma ndaonanso anthu abwino akufika ndi moto, n'kubwerera chaka chisanathe ali okhumudwa, atasiya ana okhumudwa koposa iwo. Ndiye ndati ndilembe zimene ndimawayankha, motsata ndondomeko imene ndikanayenda nayo ndikanakhala kuti ndikuyamba lero.

Choyamba, maitanidwe anu awapime anthu ena

Musanagule tikiti ya basi, pitani kwa abusa anu, ansembe kapena akulu a mpingo, mukawauze zimene zili mumtima mwanu, ndipo mukalole kuti akufunseni mafunso owawa. Pa Machitidwe 13, Barnaba ndi Saulo sanangonyamuka okha. Mpingo wa ku Antiokeya unasala kudya, unapemphera, unawasanjika manja, kenako n'kuwatuma. Timoteo naye, Paulo asanamutenge, abale a ku Lustra ndi ku Ikoniyo anali atamuchitira kale umboni wabwino. Ngati pa mpingo panu palibe ndi mmodzi yemwe woona mwa inu mphatso yolera achinyamata, musathamangire kunena kuti n'kaduka. Mwina nthawi siinakwane.

Muyeso wosanama ndi uwu: tumikirani chaka chathunthu pakati pa achinyamata a pa mpingo panu pomwepo, popanda malipiro, popanda udindo wotchulidwa pa zolengeza. Mukaona kuti Loweruka lililonse mukupitabe, ngakhale tsiku limene abwera atatu okha, ngakhale atakuberani tchaja, pamenepo pali kanthu. Ana a ku Makanjira sadzakhala ofewa kuposa a kwanuwo.

Dzifunseninso moona mtima ngati mukupita ku ntchito ya Ambuye kapena mukuthawa kanthu: ulova, ngongole, banja losagwirizana, mlandu wa kumpingo. Zimene mwathawa zimakwera nanu basi yomweyo. Ngati muli pabanja, mnzanuyo avomere ndi mtima wake, osati chifukwa mwamuopseza ndi vesi. Zikatheka zonsezi, tengani kalata ya mpingo wanu yonena kuti ndinu yani ndipo wakutumani ndani. Kalatayo mudzaifuna kangapo.

Za maphunziro ndinene mwachidule. Sikuti aliyense ayambe wapita ku sukulu ya zaubusa ya ku Zomba kapena ku sukulu ya Baibulo ya EBCoM ku Blantyre. Alipo maphunziro a TEEM amene munthu amaphunzira ali pakhomo pake, ndipo amathandiza. Chachikulu n'chakuti mukhale ndi wina wokuphunzitsani ndi kukudzudzulani.

Chachiwiri, dziwani chimene muzidya

Nkhani iyi anthu amaichitira manyazi, ngati kuti kuitchula n'kuchepa chikhulupiriro. Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Bwerani ndi ntchito m'manja: uphunzitsi, zachipatala, utelala, kuwotcherera zitsulo, kukonza mafoni kapena njinga zamoto. Ntchito imakupatsani chakudya, komanso imayankha funso limene mudzi wonse umadzifunsa mlendo akafika, loti kodi ameneyu wadzatani kuno. Munthu wongoyendayenda ndi Baibulo kukhwapa tsiku lonse, osadziwika chimene amadya, anthu amamukayikira, ndipo sindiwadzudzula.

Ngati pali abale kunja kapena m'tauni amene azikuthandizani, ndalamazo zizidzera ku mpingo kapena ku komiti, zizilembedwa m'buku. Ndipo chonde musamajambule ana a eni ake n'kumawaika pa Facebook kuti anthu akumvereni chisoni. Mwana wa Fomu 2 amene chithunzi chake chalembedwa kuti "wovutika" amachiona, anzake amachionanso.

Chachitatu, pitani kukaona manda a ku Cape Maclear

Ena amadabwa ndikawauza izi, koma ndimanenetsa. Mukafika ku Monkey Bay, kwerani njinga yamoto mupite ku Chembe, mufunse pamene pali manda a amishonale.

M'mwezi wa Okutobala 1875, sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi itanyamula amishonale a ku Scotland, motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo pakati pawo panali dokotala wachinyamata Robert Laws. Mfumu Mponda inawalola kukhala, iwo n'kumanga pa Cape Maclear mishoni imene anaitcha Livingstonia. Chaka chotsatira kunabwera alaliki achikuda ochokera ku Lovedale ku South Africa, ena mwa iwo William Koyi ndi Shadrach Mngunana. Mngunana anaphunzitsa ana pasukulu ya pamishoni, koma mu 1877 anamwalira. Malungo anatenganso ena. Pofika 1881, pamene mishoni imasamukira ku Bandawe, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo ndi iyeyo amene anamusiyira ntchito ya pa Cape Maclear. Akatolika nawonso, ansembe a White Fathers, anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, n'kuchokako mu 1891 osasiya mpingo.

Wowerengera mitu akanati onsewa analephera. Koma lero CCAP ili ponseponse, Aangilikani ali ndi chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's ku Malindi, ndipo Mangochi ndi dayosizi ya Katolika chiyambire 1973. Ndimafuna munthu aime pamandapo kuti achotse m'mutu mwake chiwerengero chimene analonjeza anzake potsanzikana. Kuno ntchito imayenda pang'onopang'ono. Amene sangapirire zaka zisanu akulera ana khumi okha, kulibwino adziwiretu asanalipire lendi.

Pobwerera gulani neti, ndipo muzigona m'menemo usiku uliwonse. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo. Likodzo nalo lilipo m'madzi odikha a m'mphepete mwa nyanja ndi ku Malombe, choncho mukaona magazi m'mikodzo, yanu kapena ya mwana, kuchipatala kuli mankhwala ake.

Chachinayi, lowerani pakhomo

Mlendo salowera pazenera. Yambani ndi mpingo umene mwaupeza pamalopo, ngakhale utakhala wa anthu makumi awiri opemphera m'kachisi wofolera udzu. Iwowo anakhalapo inu musanabwere, amaika maliro limodzi ndi anansi awo Achisilamu, ndipo adzakhalapobe inu mutachoka. Musawaone ngati ozizira. Apempheni akuperekezeni kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, ndipo ntchito ikadzakula mfumu yaikulu ya deralo idziwe, kaya ndi Mponda, Chimwala, Nankumba, Jalasi, Makanjira kapena Katuli. Kawonekereninso kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Nenani zoona zokhazokha: ndinu Mkhristu, mwatumidwa ndi mpingo wakuti, muzikumana ndi achinyamata tsiku lakuti pamalo akuti, ndipo muziwerenga nawo Baibulo. Osabisa Baibulo kuseri kwa mpira kapena kwa maphunziro a kompyuta. Chobisika chikadzaululika, chikhulupiriro cha mudzi simudzachipezanso.

Ashehe a pamzikiti wapafupi kawapatseninso moni. Simukukapempha chilolezo cholalikira, mukukadziwana ndi mnansi amene mudzakumana naye pamaliro ndi pamilandu ya ana omwewo.

Kenako phunzirani Chiyao. Achinyamata ambiri amalankhula Chichewa bwinobwino, zoona, koma agogo amene akulera mwanayo, bambo ake ali ku Joni, mtima wawo uli m'Chiyao. Yambani ndi moni wa m'mawa, "Ajimwiche uli?", ndi kuyankha kwake, "Najimwiche chenene." Adzakusekani katchulidwe, inu sekani nawo, mawa mubwerezenso. Pezani wachinyamata mmodzi azikuphunzitsani mawu khumi pa tsiku. Poteropo mwamuonetsa kale kuti iyenso ali ndi choti apatse munthu wamkulu. Baibulo la Chiyao lilipo, lipezeni.

Miyezi yoyamba ikhale yomvetsera. Khalani padoko m'mawa mabwato akamakocheza, khalani pabawo, pitani kumaliro, onerani mpira wa m'mudzi. Safunsa anadya phula.

Chachisanu, phunzirani kalendala ya ana a kuno

Pulogalamu yolembera ku Lilongwe siigwira pano. Mnyamata amene wachezera panyanja kukoka chilimira sangabwere ku msonkhano wa m'mawa, ali mtulo. Usipa amaupha ndi nyali usiku wa mdima, ndiye mwezi ukawala anyamata ambiri amakhala kumtunda, ndipo masiku amenewo ndiwo anu. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira mabwato amagona pamchenga, mpatanso umenewo. Lachisanu masana ndi nthawi ya Juma, mapemphero a Asilamu kumzikiti. Madzulo ana ambiri amapita ku madrasa. M'mwezi wa Ramadhani musakonze phwando la masana. Tchuthi chachikulu ndi nyengo ya zinamwali, jando ndi nsondo, ndipo midzi ina imatsala yopanda ana. Kumtunda, cha ku Namwera ndi ku Katuli, dzinja ndi la kumunda. Ikani pamenepo mayeso a Sitandade 8, a JCE ndi a MSCE, muona nokha masiku amene atsala.

Chachisanu ndi chimodzi, yambani ndi ochepa, makolo akudziwa

Kale pachinamwali namwali aliyense ankakhala ndi phungu wake, munthu womuyang'anira, womulangiza, womuyankhira akalakwa. Ntchito imene mukuifunayi ndi uphungu umenewo. Phungu sakhala ndi anamwali zana. Pa Marko 3:14 Yesu anasankha khumi ndi awiri kuti choyamba akhale naye, kuwatuma kunabwera pambuyo. Mpira ukhoza kusonkhanitsa ana makumi asanu, palibe cholakwika, koma amene muziwadziwa mayina a makolo awo, kalasi yawo, chimene amaopa ndi chimene amalota, asapitirire asanu ndi atatu kapena khumi.

Mwana aliyense, pitani kwawo. Ndipo pano mvetsani bwino, chifukwa ine ndinapsapo. Chaka changa chachiwiri ndinatenga anyamata asanu ndi mmodzi kupita nawo ku msonkhano wa achinyamata wa masiku atatu. Mmodzi mwa iwo ndinapempha kwa mayi ake, iwo n'kuvomera, ine ndinaona ngati zatha. Sindinadziwe kuti mwini mbumba ndi amalume ake, ndipo iwo anamva kwa anthu pamsika kuti mphwawo wapita ndi akutchalitchi. Titabwerako anamuletsa kubweranso, mabanja ena atatu n'kuchita chimodzimodzi. Amalumewo sanalakwe. Wolakwa ndinali ine, ndipo zinanditengera chaka ndi miyezi kuti tiyambenso kupatsana moni womasuka. Kwa Ayao monganso kwa Achewa ndi Amang'anja, mwana ndi wa kuchikazi. Funsani kuti mwini mbumba ndani, mukakhale nawo pamphasa, muwauze zonse. Pa ulendo uliwonse wogona komweko, chilolezo chilembedwe papepala, asayine kapena adinde chala.

Chachisanu ndi chiwiri, dziikireni malamulo otchinjiriza ana

Apa ndikhalitsapo, pakuti mautumiki ambiri amene ndawaona akugwa anagwera pamenepa. Malamulowa muwalembe, muwawerenge pamaso pa makolo ndi pa mpingo, kuti aliyense akhale ndi ufulu wokufunsani mukawaphwanya.

Musakhale nokha ndi mwana m'nyumba yotseka, ngakhale popemphera, ngakhale mwanayo akulira. Khalani pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pamene anthu akukuonani koma sakumva zokamba zanu. Atsikana aziyang'aniridwa ndi amayi, anyamata ndi abambo. Ngati ndinu mwamuna ndipo palibe mayi woti mugwire naye ntchito, gulu la atsikana lidikire mpaka atapezeka. Amvano kapena a Mothers' Union pampingopo muwapemphe. Mwana asagone kunyumba kwanu. Musamatume mtsikana kukakusesererani kapena kukakuphikirani, ngakhale makolo ake atanena okha kuti azikuthandizani. Foni: musamalembere mwana mauthenga usiku, ndipo za gulu zizipita pa gulu la WhatsApp limene mulinso mkulu wina.

Za ndalama ndiye samalani kwambiri. Mwana akasowa fizi, nkhaniyo ipite ku komiti, ndalama ikaperekedwe kusukulu, lisiti isungidwe, makolo adziwe. Musamupatse m'manja mobisa. Mphatso yachinsinsi ndiyo njira imene anthu oipa amakolera ana, ndipo mwana amene wazolowera kulandira mobisa kwa munthu wa Mulungu savuta kulandira kwa mwini bwato kapena kwa wogula nsomba wochokera m'tauni.

Wina anena kuti, "Koma ine ndimadzidziwa, sindingachite zoipa." Mwina n'zoona. Koma amene adzalowe m'malo mwanu simukumudziwa, ndipo mwambo umene mwausiya ndi umene adzautsate. Yesu pa Mateyu 18:6 ananena mawu oopsa kwa wolakwitsa kamwana, ndipo ananena kwa ophunzira ake, osati kwa akunja.

Chachisanu ndi chitatu, tsiku lokumana

Izi sizovuta. Mufuna mpira, wezulo, kope lolembamo mayina, ndi mthunzi. Maola awiri akwana. Yambani ndi masewero, anyamata mpira, atsikana ntchemberembaye kapena mpira womwewo, chifukwa ambiri amaukonda. Kenako khalani mozungulira, aliyense anene chimodzi chabwino ndi chimodzi chowawa cha sabata imeneyo. Masabata oyamba azingoseka n'kumayang'ana pansi. Musadzaze chetecho ndi ulaliki, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu a Mulungu akhale nkhani imodzi yaifupi, yofotokozedwa pakamwa kaye kenako n'kuwerenga, chifukwa ena mwa ana a Sitandade 7 amavutika kuwerenga ndipo amachita manyazi. Yosefe ndi abale ake, Davide ndi Yonatani, Rute, Danieli kudziko la eni, mwana wolowerera. Funsani mafunso atatu okha: mwamva chiyani, chakudabwitsani n'chiyani, sabata ino tichita chiyani. Mukalankhula inu mphindi zoposa khumi ndi zisanu, kumbukirani Utiko amene anagwa pazenera Paulo atatalikitsa. Malizani ndi homuweki, masamu ndi Chingerezi. Makolo ambiri amayamba kukukhulupirirani akaona kuti malikisi akwera. Ngati kusekondale yapafupi kuli magulu a ophunzira Achikhristu a SCOM kapena YCS, gwirani nawo ntchito, musayambitse gulu lopikisana nawo.

Koma uphungu weniweni suchitika Loweruka. Umachitika mukuyenda naye kupita kuchigayo, mukumuthandiza kumata tayala la njinga, mutapita kukamuona ali m'chipatala, mutafika pamaliro a agogo ake. Sabata iliyonse yenderani makomo awiri.

Chachisanu ndi chinayi, ana a m'mabanja Achisilamu

Ku Mangochi Asilamu ndiwo ochuluka, choncho ana awo adzabwera kumpira wanu. Alandireni ndi mtima wonse, ndipo makolo awo adziwe kuti pali nthawi ya Baibulo. Kholo likati mwana wanga azisewera ndi kuphunzira masamu koma pa Baibulo azichoka, lemekezani zimenezo, ndipo mwanayo musamuchepetsere chikondi ngakhale pang'ono. Musagule mtima wa mwana ndi yunifomu, fizi kapena foni. Chithandizo chikhale cha wosowa aliyense, wopemphera kulikonse.

Musanyoze Chisilamu, mneneri wawo, Korani kapena kavalidwe kawo, ngakhale mwanthabwala. Mtsikana wovala hijabu akhale momwemo. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inautsa mkwiyo waukulu m'zaka zapitazi, mpaka PAC, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana, linakhalitsa pansi mbali zonse ziwiri n'kusayinirana mgwirizano mu 2021. Musakolezenso moto umene akuluakulu anavutika kuuzimitsa. Mukakonza chakudya, nkhumba isayandikire, ndipo mbuzi kapena nkhuku achinje Msilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi.

Kodi ndiye kuti tibise Khristu? Ayi ndithu. Ine ndimakhulupirira kuti Yesu ndiye Mpulumutsi, ndipo mwana akandifunsa ndimamuuza mosapsatira. Petro anatilangiza kuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Ana amenewa amadziwa kale mayina a Nuhu, Ibrahimu, Yusufu, Musa ndi Isa, ndipo amafunsa mafunso akuya kuposa ana ambiri a m'kwaya. Ayankheni zoona, ndipo chimene simuchidziwa nenani kuti mukafufuze. Wina akadzati akufuna kutsata Yesu asanakwane zaka 18, musamubatize mobisa, musamuchotse kwawo, musamuphunzitse kunamiza makolo ake. Pitirizani kuwerenga naye, kumupempherera, ndi kumulimbikitsa kukhala mwana womvera pakhomo koposa kale. Auzeni abusa kapena ansembe, muyende nayo nkhaniyo pamodzi ndi akulu odziwa mudziwo. Mwanayo ndiye adzasenze zotsatira zake, kusalidwa kapena kuthamangitsidwa kumene, pamene inu muli ndi kwanu kobwerera. Chikhulupiriro choona sichiola podikira.

Za chinamwali musafulumire kuweruza. Paulo yemwe anadula Timoteo chifukwa cha anthu a kumene ankapita. Ku jando ndi ku nsondo ana amaphunzirako ulemu, kupirira ndi ukhondo, ndipo mnyamata wosapitako amasekedwa. Mabanja ena masiku ano amadulitsa ana kuchipatala, zimene zili bwino pa thanzi, ndipo mungazilimbikitse. Chimene tiyenera kulimbana nacho ndi malangizo aja, kumene alipo, ouza mwana kuti akatuluka akayese kugonana posonyeza kuti wakula. Pamenepa mudzapeza kuti mafumu ambiri ndi ashehe ali mbali imodzi ndi inu. Ana akatuluka kusimba, kawayamikireni, ndipo sabata yotsatira kambiranani nawo kuti kukula n'kutani.

Chakhumi, nkhani zolemera zikafika

Zidzafika, ndipo bwino mukonzekeretu.

Mwana akakuululirani kuti wina akumugwirira kapena kumuzunza, mumvetsereni modekha, mukhulupirireni, ndipo musalonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Ngati wagwiriridwa, afike kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Kenako ku Victim Support Unit kupolisi ndi ku ofesi ya zachisamaliro. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana. Iloweze inu, awalowezenso ana onse. Nkhani yotere siyokambirana pachibale, siyolipitsana mbuzi, siyothera ku bwalo la mpingo, ngakhale wolakwayo atakhala mkulu wa mpingo kapena mnzanu wa muutumiki.

Mtsikana akatenga mimba, musamuchotse m'gulu. Nthawi imeneyo ndiyo akukufunani koposa. Amayi amuperekeze kusikelo, ndipo akabereka ndondomeko ya boma imalola kuti abwerere kusukulu. Gwirizanani ndi gulu la amayi a pasukulupo. Mnyamata wopereka mimbayo musamuiwale, nayenso ndi wanu. Makolo akafuna kukwatitsa mwana, dziwani kuti lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18. Yambani ndi kukambirana ndi mwini mbumba, pitani kwa mfumu, zikakanika ku boma. Kawirikawiri gwero lake ndi umphawi, ndiye pitani ndi yankho la fizi ndi sopo, osati lamulo lokha.

Ndiye pali Joni. Mnyamata wa Fomu 2 akaona mnzake wabwera kuchokera ku Johannesburg ndi njinga yamoto, n'kumanga nyumba ya malata, mawu anu oti sukulu ndi yabwino amamveka opepuka. Musamunamize kuti kulibe ndalama, akuziona ndi maso. Itanani wina amene anakhalako, wa mtima woona, adzafotokoze zonse: ulendo wopanda mapepala, kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, kuthawa apolisi, ziwawa zothamangitsa alendo monga za mu 2008 ndi 2015, kubwezedwa chimanjamanja. Kenako muthandizeni kuwerengera. Akati apitabe, mulimbikitseni amalize kaye Fomu 4 kapena aphunzire luso lamanja, kwa mmisiri wa pamsika kapena kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo asasiye mtsikana ndi mimba. Tsiku lonyamuka mupempherereni, nambala yake muisunge, muzimufunsa za moyo.

Chamba, kachasu ndi kubetcha mpira pafoni muzikumana nazo sabata ndi sabata. Wogwa musamuchititse manyazi pagulu. Yohane Marko anathawa ntchito ku Pamfuliya, Paulo n'kumukana, koma Barnaba anamutenganso, ndipo kumapeto Paulo yemweyo analemba kuti Marko ndi wothandiza pa utumiki.

Chotsiriza, konzani wolowa m'malo mwanu

Inunso mukhale ndi phungu, munthu wamkulu amene mumakumana naye mwezi ndi mwezi, wokufunsani za pemphero lanu, za ndalama ndi za banja lanu. Tengani tsiku limodzi pa sabata lopuma, foni itazimitsidwa. Ana anu obereka asamve kuti bambo kapena mayi awo ndi a ana a eni.

Kuyambira chaka chachiwiri, yang'anani awiri kapena atatu a m'gulumo amene amafika msanga n'kutsala kutolera zinthu. Apatseni wezulo. Mwezi wotsatira apatseni nkhani ya m'Baibulo aikonze, muimvere limodzi Lachinayi, Loweruka aifotokoze okha inu mutakhala kumbuyo osawadula mawu. Akakwana zaka 18 apite nanu poyendera makomo, aphunzire kukhala pamphasa ndi eni mbumba, awerenge ndi kusayina malamulo aja otchinjiriza ana. Akatero, sankhani mwezi umodzi wathunthu mupite kwanu kukaona abale, kope la mayina, mpira ndi kiyi wa kabati mutawasiyira iwo, akulu a mpingo akudziwa. Pobwera musayambe ndi kufunsa kuti kunabwera angati. Khalani nawo pansi pa mango paja, afotokoze okha mmene zinayendera, ndipo zimene anasintha inu kulibe, ngati sizikuphwanya malamulo a ana, zisiyeni momwemo.